Jekete Imene Inandilanda Ntchito ku Chamama

Ndiyambe ndi mboni, chifukwa nkhani iyi ndikaifotokoza m'minibasi anthu amati ndathira mchere wambiri. Mboni yoyamba ndi a Nyirenda, amene anali kapitawo pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Chamama. Alipo ndithu, ali moyo, kungoti masiku ano makutu anawathawa, ndiye chilichonse mungawafunse amangovomera. Yachiwiri ndi a Makwinja, mlonda wa pamalopo, munthu wa ku Phalombe, amene anabwerera kwawo osasiya nambala. Yachitatu ndi mayi Nabanda, kalaliki, koma iwowa anadzayamba kupemphera kwambiri ndipo za kale sakambanso. Panalinso galu wa miyendo itatu amene anaona zonse kuyambira pachiyambi. Ameneyo ndiye ndikanamudalira, koma anafa. Choncho mungondikhulupirira. Sindinawonjezepo kanthu. Penapake ndachita kuchotsako, kuti ana anga azitha kuyenda mumsewu.

Zinali zaka zija za makuponi, pamene thumba la feteleza linkalemekezedwa kuposa mpongozi. Matenanti a pa esitetiyo, ambiri ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, makuponi ankangowamvera pa wailesi, poti mayina awo anatsala m'midzi yakwawo. Ankadalira feteleza wa mwini esiteti. Mwini wakeyo, mkulu wina wokhala ku Lilongwe amene ankalima pa foni, anali ataberedwa kokwanira, ndiye anaika lamulo loti thumba lisatuluke kompyuta isanavomere.

Vuto linali pa kuvomerako. Pa esitetiyo panali seva, kompyuta yaikulu, chibokosi chakuda ngati sutikesi ya mwamuna wothamangitsidwa ku chikamwini. M'mimba mwake munali makompyuta ena osaoneka ndi maso, amene ife okonza makompyuta timawatcha mavi-emu. Ina inali ya feteleza, ina ya chakudya cha matenanti, ina ya masikelo a mabelo. Zili ngati nyumba ya lendi, mwini wake mmodzi, mabanja angapo, aliyense chipinda chake. Tsono mayi Nabanda akalemba dzina la tenanti pa kompyuta ya mu ofesi, yankho lochokera ku vi-emu ya feteleza linkachedwa moti tsiku lina anatereka nyemba, zinapsa, anadya, dzina lisanatuluke. (Ndalumbira. Nyemba zake zinali zouma.) Kunja mvula inali itagwa, mbande za fodya zitawokedwa, zikudikira chakudya.

Anandiitana ine. Ndinanyamuka kumayambiriro kwa sabata ndili ndi mtima woti ndi ntchito ya masana amodzi, chifukwa Loweruka lake kunali chinkhoswe cha mlongo wanga Tadala ku Lilongwe. Amalume athu anamwalira, ndiye mwini mbumba ndinali ine. Wolandira tambala kwa akuchimuna ndinali ine, ndipo panalibenso mwamuna wina kwathu woti angaimirire, kupatula msuweni wathu wina amene sitimuonetsa kwa alendo.

Sevayo inkakhala m'kachipinda kosungiramo mankhwala a fodya, chifukwa ndi kokhako kamene kanali ndi chitseko chachitsulo komanso denga losadontha. Kiyi wake ankakhala pa chingwe m'khosi mwa a Nyirenda. Munthu akakhala mkati, chitseko chinkakhala chotsegula kuti fungo la mankhwala lisamukomole. Akatuluka, ngakhale kukalavula kokha, a Nyirenda ankatseka n'kukhoma loko, poti mankhwalawo anali ndi miyendo.

Ananditsegulira, ndinalowa, ndinakhala pa chigubu. Pa ntchito yathu timayamba ndi kutumiza kauthenga kakang'ono kotchedwa pingi, kokhala ngati odi, n'kumvetsera ngati yankho likubwera msanga. Ndinaodira seva, inayankha. Ndinaodira mavi-emu, anayankha odi asanathe n'komwe. Ku ofesi mayi Nabanda anafuula kuti zikuthamanga. Munthu wanzeru akanadabwa, koma katswiri wochokera ku Lilongwe sanganene kuti sanapeze kanthu. Ndinasintha kapulogalamu koyendetsa khadi la netiweki, ndinazimitsa n'kuyatsanso, kenako ndinapukuta manja (anali oyera) n'kulengeza kuti matenda ndawapeza ndipo ndawapha. Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza anthu akundiwombera m'manja.

Foni inalira nditangofika pa Chamama, ndisanatsike n'komwe. Wakabaza anangotembenuza njinga osafunsa.

Ulendo uno ndinayambira ku ofesi. Ndinaodira seva, inayankha msangamsanga. Ndinaodira mavi-emu, kunali zii. Mwini nyumba ankavomera, alendi ake ali ngati akubisalira wangongole. Ndinati basi, nthambo yopita ku seva ili bwino, matenda ali mkati mwa mavi-emuwo. A Nyirenda ananditsegulira, ndinalowa, ndipo zonse zinayamba kuthamanga ndisanakhudze batani.

Kuyambira pamenepo ndinachita zonse zimene ndinaphunzira ndi zina zimene ndinangomva. Ndinawonjezera mavi-emu memore, malo okumbukiramo zinthu. Ndinazimitsa timakonzedwe tonse ta khadi la netiweki timene anzathu amatinamizira pakavuta zinthu. Ndinasaka vayirasi mpaka ndinapeza nyimbo za kwaya zimene wina anabisa m'vi-emu ya masikelo. Ndinasuntha nthambo pa swichi ya mu ofesi, kabokosi kokumanirapo nthambo zonse, kuchoka pa bowo ili kupita pa ilo. Ndikamaliza chilichonse zinkayenda bwino, ndipo ndinkatuluka monyada kupita pa chulu cha kuseri kwa zigafa, pamalo pokhapo pamene foni inkagwira, kukauza Tadala kuti ndikunyamuka mawa. Pobwerera ndinkapeza mzere wa matenanti utaima, mayi Nabanda atagwira tsaya.

Amene anaona kachitidwe kake anali a Nyirenda. Anandiitanira pambali, n'kuvula chipewa.

"A Injiniya, musakwiye. Chinthu ichi chakuzolowerani."

Anafotokoza kuti kwawo ku mpoto anaonapo ng'ombe za ngolo zokoka pokhapokha mwini wake ali pafupi, wina akagwira chikwapu zimangogona. Ndinaseka. Ndinawauza za sayansi kwa nthawi yaitali, ndi mawu ena amene ngakhale ine sindinkawamvetsa bwino. Iwo anamvetsera mwaulemu, kenako anati tiyese. Ndituluke. Ndinatuluka n'kuthamangira ku ofesi kukaona, ndinapeza yafa. Ndilowe. Ndinalowa, mayi Nabanda n'kufuula kuti yadzuka. Tinabwereza mpaka matenanti anasiya mzere n'kubwera kudzaonera, ena atanyamula ana paphewa. Pomaliza sayansi yanga inali itauma kukhosi.

A Nyirenda anakwera pa chulu kukaimbira abwana. Anatsika ndi uthenga waufupi woti katswiri akhale momwemo mpaka feteleza athe kugawidwa. Ndinafunsa kuti atha liti. Anati lole ina ikubwera, mwina sabata ya mawa, misewu ikalola.

Umu ndi mmene ndinasandukira chithumwa.

Anthu amaganiza kuti kusungulumwa ndi kukhala kopanda anthu. Ayi. Anthu analipo ambirimbiri, ndinkawaona pakhomopo ali pa mzere, akuseka, akunyamulitsana matumba. Koma panalibe wofika pafupi. Mbiri inali itamveka kuti mkulu wa m'kachipindayo makina amamumvera, ndipo munthu amene makina amamumvera sakhala wabwinobwino. Amayi akamadutsa ankakokera ana mbali inayo. Abambo ankandipatsa moni akuyang'ana nsapato zanga. Kuseri kwawo kunali dambo ndi mizere ya fodya mpaka kumene maso alekezera, zitsa za mitengo imene inathera m'zigafa, ndi zigafazo zili mbee, mapaso okhaokha, zikudikira masamba. Mphepo inkabwera kuchokera kutali osakumana ndi kanthu, n'kufika pa ine.

Ntchito ndinalibe. Ntchito yanga inali kukhalapo. Ndinawerenga malemba a pa zigubu za mankhwala mpaka ndinaloweza zoyenera kuchita munthu akamwa mwangozi. Ndinayamba kulankhula ndi mavi-emu. Ya feteleza ndinkaitcha Achimwene, chifukwa ndiyo inali ndi udindo. Ya chakudya inali Alamu. Ya masikelo sindinkagwirizana nayo, inali yodzimva. Ndinawafotokozera za chinkhoswe, za amalume, za mkazi wina amene anandikana ku Mponela. Ankamvetsera bwino kuposa anthu, timagetsi tawo tikuphethira. Galu uja ankabwera kudzagona pakhomo, koma nayenso sankalowa. Ankandiyang'ana ngati akuti, iwe ndi ine, wina wake anatilakwira.

Chakudya ankachisiya pakhomo n'kubwerera chafutambuyo, ngati nsembe. Matenanti anali ataona kuti feteleza wawo ali m'thupi mwanga, ndiye ankafuna thupilo likhale losangalala. Kunabwera mango, chinangwa, chimanga chokazinga, ngumbi zodzaza mbale. Ine, posowa wocheza naye, ndinkadya. Tsiku lina ndinadya ngumbi, n'kutsitsira mango osapsa bwino, n'kumwera thobwa la dzana.

Za zimene zinatsatira ndinena mwachidule. Ndinatuluka m'kachipindako pa liwiro limene galu, ndi miyendo yake itatu, anayesa kulitsatira n'kugonja. Chimbudzi chinali kutsidya kwa bwalo, cha udzu, chitseko chake thumba. Nditakhalamo pang'ono ndinamva mapazi. Osati a munthu mmodzi. Kenako kutsokomola kwaulemu.

"Odi kumeneko, a Injiniya."

Ndinadzipinda kuseri kwa thumba lija, poganiza kuti mwina aganiza kuti ndasamuka.

"Sitikukufulumizitsani, yayi," anatero a Nyirenda. "Kungoti mzere waima, ndiye kumwambaku kwada. Anthu amafuna adziwe ngati mwatsala pang'ono."

Mayi wina kumbuyo anati andipatse makala otsukuluza. Mkulu wina anati ayi, masamba a gwafa ndiye achangu. Panabuka mtsutso, mbali ziwiri, ine ndili pakati pa nkhani koma wosafunsidwa. Nditatuluka, anthu anapatuka n'kusiya njira, ndipo anandiperekeza mwakachetechete mpaka pa chigubu changa. Nditangokhala, ku ofesi kunamveka kuti yadzuka. Wina anati ameni.

Lachinayi masana, a kalaliki atapita kukadya, ndinaloledwa kukwera pa chulu. Tadala sanakalipe, ndipo n'zimene zinandipweteka. Anandiuza kuti akuchimuna afunsa kale kawiri kuti mwini mbumba afika liti, ndipo azakhali a mwamunayo ayamba kunena kuti mwina mtsikanayu anangogwa kuchokera mumtengo.

"Achimwene, mungondiuza. Tambalayo ndilandire ndekha?"

Ndinatsika pa chulupo n'kupita kwa a Nyirenda. Ndinawauza kuti mawa ndikupita, kaya seva ilire, kaya abwana andimange. Ndinkayembekeza mkangano, koma atamva kuti ndi chinkhoswe anakhala pansi. Anati nkhani ya mbumba si yoseweretsa, iwonso ali ndi alongo. Anaganiza kwa nthawi, akutembenuza kiyi wa m'khosi uja. Kenako anati kwawo ng'ombe ikafedwa mwana imakaniza mkaka, ndiye amatenga chikopa cha kamwanako n'kuinunkhiza, mkaka n'kutuluka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinawauza kuti chikopa changa ndikuchifunabe.

"Chovala chokha, adada. Chimene thupi lanu likuchidziwa."

Malaya amene ndinavala sabata yonse anawakana, ati akununkha mankhwala kuposa mwini wake. M'chikwama munali chovala chimodzi chokha chotsala, jekete yanga ya chinkhoswe, yabuluu, ya mabatani agolide, imene ndinaisankha pa kaunjika m'mawa mabelo akungotsegulidwa, n'kuipititsa kochapa kwa makina. Ndinali nditaitenga kochapako m'mawa wa tsiku lonyamuka. Ndinavomera chifukwa ndinkadziwa kuti sizitheka, ndipo zikakanika andisiya.

Lachisanu m'mawa anaikoleka pa mpando patsogolo pa seva, tonse tinatuluka, a Nyirenda anakhoma. Netiweki inafa. Ndikuuzeni zoona, mtima wanga unasangalala. Sabata yonse ndinkadana ndi kukhala chithumwa, koma kumva kuti makina akana jekete n'kufuna ine mwini kunandikoma ngati kalata ya chibwenzi.

A Nyirenda sanagwe mphwayi. Anati cholakwika n'choti jekete yopanda munthu siipuma. Anaitana a Makwinja, amene anali atangoweruka pa ulonda wawo, nkhalamba yaifupi yowonda ngati ndodo yopachikira fodya. Anawavula chikhothi chawo n'kuwaveka jekete yanga. Manja ake anafika m'mawondo. Anawakhazika pa chigubu changa, chitseko chili chotsegula kuti asakomoke, n'kuwauza kuti asakhudze kanthu, azingopuma.

Ku ofesi mayi Nabanda anafuula kuti yadzuka. Patapita kanthawi anatulutsa mutu pawindo n'kuwonjezera, popanda wowafunsa, kuti ikuthamanga kuposa mmene imachitira ndi a Injiniya.

Sindinaonepo anthu akuiwala munthu msanga chotero. Mbale ya mango imene inali kubwera kwa ine inakhota m'njira. Matenanti ankadutsa pakhomo paja akuwerama, "Zikomo a Makwinja, mwatithandiza." A Makwinja ankangogwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wakhala akuyendetsa maseva kuyambira nthawi ya atsamunda. Galu anasamukira kumapazi awo. Ine, ndi dipuloma yanga, ndinauzidwa kuti ndine womasuka, wakabaza amuitana.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mthethe moyang'anana ndi kachipindako, chikwama pamiyendo. Kanali koyamba sabata yonseyo kukhala panja popanda kothamangira. Nthawi zonse ndikatuluka ndinkakhala ndikuthamangira ku ofesi, ku chulu kapena kumene kuja, chitseko chili kumbuyo kwanga. Tsopano ndinalibe chochita koma kuyang'ana. A Makwinja anapempha kukamwa madzi. Atatuluka, a Nyirenda anakoka chitseko. Chinafika penapake n'kulimba, iwo n'kuchikankha ndi bondo, mwachizolowezi, ngati mmene amatsenderera fodya mu jeke pomanga mabelo. Chiguduli chopondapo chimene chinali pakhomo chinatukuka pang'ono. Ku ofesi kunamveka kuti yafa.

Ndinayenda pang'onopang'ono n'kukatukula chigudulicho. Pansi pake panali nthambo yabuluu, itaphwatalala ngati lamba wa mwana wasukulu, chitsulo cha chitseko chitailuma pakati. Seva ija inali ndi nthambo ziwiri. Yakeyake inadzera kudenga, n'chifukwa chake inkayankha odi nthawi zonse. Ya mavi-emu wina anaiwonjezera pambuyo pake n'kuidutsitsa pansi pa chitseko, wina n'kuiphimba ndi chiguduli kuti anthu asapunthwe. Chitseko chikatsekedwa, Achimwene, Alamu ndi mnzawo wodzimva uja ankalankhula atapanidwa pakhosi. Sabata yonse ndinkaponda pa matendawo polowa ndi potuluka, nthawi zina n'kupukutirapo matope.

Kudula nthambo yatsopano n'kuidutsitsa pa kabowo ka mpweya kunanditengera nthawi yochepa kuposa kusenda chinangwa. Tinatseka chitseko, tinakhoma, mkati mopanda munthu, a Makwinja ali panja ndi jekete. Netiweki inathamanga. Ndinaitana onse, ndinanyamula nthambo yophwanyika ija m'mwamba ngati njoka imene ndapha, ndinafotokoza zonse kuyambira kudenga mpaka pa chiguduli. Kenako ndinatambasula dzanja kuti andipatse jekete yanga.

"Yewo, a Injiniya, zamveka chomene," anatero a Nyirenda. "Koma jekete itsale."

Anati nthambo yangayo aiona ikugwira ntchito kanthawi kochepa, pamene jekete aiona ndi maso awo m'mawa wonse, pamaso pa mboni. Feteleza sanathe. Ine ndikapita ku Lilongwe zinthu n'kuvutanso, iwo adzaveka chiyani a Makwinja? Matenanti anavomereza, ndipo ena anaima pakati pa ine ndi nkhalambayo, mwaulemu koma mothithikana. Wakabaza ankaliza hutala, kumwamba kutada bii. A Makwinja, munthu wachilungamo, anati sibwino mlendo apite ndi malaya okha mvula ikubwera. Anandipatsa chikhothi chawo cha ulonda.

Lole imene ndinakwera pa Chamama inatitimira m'matope, ndipo ku Lilongwe ndinafika Loweruka mwambo utayamba, anamwali abodza atavundukulidwa kale. Nthawi yosintha panalibe, komanso chosinthira panalibe. Malaya a mkati sanali oti n'kuonetsa anthu. Ndinalowa m'bwalo ndi chikhothi chofika m'akakolo, chonunkha utsi wa zaka zambiri, fodya wa chingambwe ndi galu. Woyendetsa mwambo anandiuza kuti alonda akhale ku geti. Nditanena kuti ndine mwini mbumba, anayang'ana Tadala, Tadala n'kugwedeza mutu maso ali pansi.

Tambala ndinalandira. Atangofika m'manja mwanga ananunkhiza chikhothicho, anayetsemula, n'kukomoka. (Pali anthu amatsutsa zoti nkhuku imayetsemula. Sanakumane ndi chikhothi chimenecho.) Ndinalankhula mawu a kubanja nditanyamula tambala wolendewera khosi, ndipo akuchimuna anamvetsera mwachidwi chimene sindinachionepo pa chinkhoswe chilichonse. Titatha, Tadala anabwera, anandigwira dzanja nthawi yaitali, maso ali ndi misozi, mwina ya chikondi, mwina ya fungo.

"Bola mwabwera, achimwene," anatero. "Koma pa zithunzi muime kumbuyo."

Ndinaima kumbuyo. Pa chithunzi chimene chili pa khoma kwawo ndimaoneka chipumi chokha, ndipo ana awo amadziwa kuti chipumicho ndi amalume.

Phunziro ndinatengapo, ngakhale si lalikulu. Masiku ano akandiitana kuti mavi-emu akuchedwa, ndisanatsegule laputopu ndimayamba ndagwada pakhomo n'kusuzumira pansi pa chitseko, ndipo m'maofesi ena amaganiza kuti ndikupemphera. Ndimavalanso zinthu zimene sindizikonda.

Jekete ija sinabwerere. Mnzanga wina amene anapitako patapita zaka kukaika seva yatsopano anaipeza ili pa msomali pamwamba pa makina, ataikutira pulasitiki, ndipo a pa esitetiyo anamuchenjeza kuti asinthe chilichonse koma iyoyo asaikhudze. Akuti nyengo yogawa feteleza ikafika amaitsitsa, amaisasa fumbi, ndipo kapitawo watsopano akamatsegula m'mawa amaifunsa mmene yadzukira. Ine chichokereni kumeneko palibe anandiimbirapo foni.